Kukamwa kwa Gonthi

Lolemba, 6 Novembala

Amuna anga Casildo anyamuka m'mawa, wa kuzilumba kukagwira nkhanu zikuluzikulu. Masabata awiri, akutero. Ndawapakira buledi wa kokonati ndi nthochi. Foni aisiya pawindo dala, ati imasokosa. Munthu ameneyu!

Masana ndakwera kulinga lakale la paphiri, kukapaka njereza kukamwa kwa Gonthi. Mwezi uno opaka ndi ine. Gonthi ndi mzinga wankhondo wa Asipanishi, dzimbiri lokhalokha, koma ndi umene umatibwezera amuna athu. Eni ake anaulozetsa pampata wa matanthwe kuti uziphwanya zombo zolowa. Msodzi akauona kukamwa kozungulira bwino, kunja koyera pakati pakuda, ndiye kuti ali pampata. Akaona nthiti zake, boti lapita pamwala.

Lachitatu, 8 Novembala

Kumsika nkhani ndi imodzi. Meya akufuna Gonthi atsike akakhale pabwalo la tauni, pakati pa maluwa, alendo a m'sitima yapamadzi azijambulitsa. Akuti kukwera kulinga alendowo amatopa. Atope!

Ndapita ku ofesi ndi beseni langa la nsomba. Meya Eleuterio, yemwe ndinamudziwa ali ndi mamina, mwana wa msodzi, lero wa tayi. "Doña Eufemia, masiku ano aliyense ali ndi foni yolozera njira." Ndati anga ya mtundu umenewo alibe. "Ndiye muwagulire." Pang'onong'ono ndimukhuthulire madzi a nsomba patebulo.

Ndamupempha chimodzi: adikire maboti abwere. Wakana. Sitima ya alendo ikufika Lamlungu la pa 19.

Lachisanu, 10 Novembala

Wodzakoka ndi thirakitala ndi Nicanor. Mlongo wanga, bere limodzi, amene ndinalera ndekha mayi atamwalira. Wabwera kudzadya, wakhala pampando wa alamu ake opanda manyazi. "Achemwali, ine ndi wantchito chabe. Ndikakana abweretsa wina." Ndamulanda mbale supu ili pakati. Akadye maluwa a meya.

Ndalira pambuyo pake. Sanandione.

Lolemba, 13 Novembala

Ndakhala pamsana pa Gonthi kuyambira mbandakucha. Ine, Doña Chayo wogulitsa buledi, ndi mwana wanga Yesenia. Chitsulo chotentha, matako apsa. Chayo wauza wapolisi kuti, "Ukandigwira, ndikauza mayi ako kumene umagona Loweruka." Wapolisi wabwerera m'mbuyo, anthu kuseka.

Odzakoka mzinga abwerera chimanjamanja. Nsomba zanga zaonongeka padzuwa, zonse. Zilibe kanthu. Lero tapambana.

Lachinayi, 16 Novembala

Mzinga autenga dzulo. Anadikira tili ku maliro a Don Hilario, mudzi wonse kumanda. Tikuimba, ine ndikumva tcheni kulira kuphiri. Ndinathamanga ndi nsapato m'manja. Ndinapeza mzere wa dzimbiri pamwala ndi mapazi a matayala basi.

Tsopano uli pabwalo. Aupaka utoto wakuda wonyezimira, kukamwa kwaloza kusitolo ya mankhwala. Ana akuponyamo zikutu za maswiti.

Nicanor wandipatsa moni pamsewu. Ndamudutsa ngati mtengo.

Wailesi ikuti mphepo yamkuntho ya mpoto ikubwera Lamlungu kapena Lolemba. Casildo sakudziwa kanthu. Adzafika pampata mafunde ali msinkhu wa nyumba, adzakweza maso, adzapeza khoma lopanda kanthu. Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa.

Loweruka, 18 Novembala

Sindikhala manja lende. Mgolo wa mafuta wa kwa Chayo, taudula mbali imodzi, mkati tadetsa ndi makala, m'mphepete njereza. Taugubuduza mpaka kulinga, akazi okhaokha. Taugoneka pamzere wa dzimbiri, miyala m'mbali.

Mlembi wa meya wabwera ndi kapepala, akuti tikuipitsa malo a mbiri yakale. Ndati mbiri yakaleyo mwaisiya pakati pa maluwa, kaipitseni komweko. Akuti andimanga. Ndamutambasulira manja. Wangoyang'ana mgolo, wapita.

Lamlungu, 19 Novembala

Sitima ya alendo sinabwere n'komwe. Nyanja yoipa. Ha!

Kuseka kwandithera masana. Boti la Don Porfirio lalowa potsata mgolo wathu, lakhula mwala, bowo kumimba. Afika akukapa madzi, amoyo onse. Porfirio wati, "Comadre, mnzanga, mgolo wanu ukunama pang'ono. Ukukokera kumanzere." Pang'ono bwanji? Chikhatho chimodzi, ziwiri? Sakudziwa, anali kalikiliki ndi chiwongolero.

Mzere wa dzimbiri ndi wotakata, mgolo ndi waufupi. Ndausuntha, ndaubweza, ndausunthanso. Ndikhoza kupha amuna anga ndi manja angawa.

Akuti maboti otsala anyamuka kuzilumba mawa kukacha.

Lolemba, 20 Novembala

Ndikulemba m'kanyumba ka mlonda pakona ya linga. Mvula yopingasa. Mpata sukuoneka bwino, thovu lokhalokha.

Nicanor wakwera kuno wapansi, wonyowa ngati nkhuku. Moni ayi. Wagwada kumbuyo kwa mgolo, watsinzina diso limodzi. Akuti pomanga tcheni tsiku lija anagona pamsana pa Gonthi, ndipo kutsogolo kwake kunali mwala wosongoka uja wa kuseri kwa mpata, ndendende. Wasuntha mgolo kumanja, kuposa mmene ine ndikanayerekezera.

Ndamufunsa ngati akutsimikiza. "Ndikuganiza choncho, achemwali." Kuganiza!

Ndamuuza kuti ukalakwitsa, udzapita wekha kukamutola pamatanthwe, ndipo dzina langa usadzalitchulenso. Wati inde. Wagona pamgolo ndi chifuwa kuti mphepo isaugwedeze. Akunjenjemera. Ndamufunditsa juzi yanga, koma sindinamukhululukire.

Yesenia akukuwa pakhoma. Boti lobiriwira limene latsogola ndi lathu. Laima kunja kwa mpata, likukwera, likutsika. Akuyang'ana kuno. Casildo akufuna Gonthi, akuona mgolo.

Lowani bambo inu, ndi ine, lowani, musakhote