Waperewera ndi Chala Chimodzi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Nanga tulo tayamba kubwera? Ife kuno tilipo, ngakhale kuti chibwerere kumaliro a Bambo ndimakhala ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. Kuntchito ndimasanja mabuku, koma ndikatsegula limodzi ndimangoyang'ana tsamba lomwelo mpaka nthawi yoweruka.

Za Chitsiriza wathu nazi. Kosankha apolisi atsopano kuja anapita. Mayeso olemba anakhoza, pothamanga anasiya anzake kumbuyo. Chomugwetsa chinali poyeza utali. Iye masiku onsewa ankadziyeza pachitseko changa atavala jombo za Bambo zimene munamupatsa zija, osaganiza kuti kumeneko amavulitsa nsapato. Atavula n'kuima pakhoma, anaperewera pamzere ndi chala chimodzi. Anabwera jombo zili m'manja, n'kukagona osadya. Ndinaseka, Amayi, kenako ndinalira.

Ndinakumbukira mmene Bambo ankadandaulira za mzere umenewo, atakhala pakhonde akupukuta lamba wawo. Ankati utali sunaleretsepo ndewu. Pa anyamata onse amene anawaphunzitsa upolisi, akuti wodziwa kukhazika pansi munthu wobedwa n'kumumvetsera mpaka amalize anali kamnyamata kena kakafupi, komwe kanalowa lamulolo lisanakhwime. Ankaseka n'kumati masiku ano maphunziro awafupikitsa, koma anthu akufuna aatali. Komabe mwana wa azakhali ataperewera pakhoma lomwelo, Bambo anamubweza, azakhali mpaka kusiya kutiyendera. Anatiuza kuti lamulo loipa umalitsutsa pamsonkhano, osati kulizembera kuseri.

Tsopano mnzawo wa Bambo uja, wa imvi amene ananyamula nawo bokosi, ndiye mkulu wosankha. Wandiimbira foni kuti chifukwa cha malemu, mnyamatayo abwerenso Lolemba, iwo adzayang'ana kumbali poyeza. Ndi chifundo chenicheni, sanapemphe kanthu. Koma tsiku lija ana a anthu ena anabwezedwanso ndi chala chomwecho, ndipo palibe amene wawaimbira.

Chitsiriza wasita kale malaya. Akuti woti angamuletse ndinu nokha. Pempho langa ndi lomwelo, Amayi: muimbireni Lolemba lisanafike, mumuletse. Ndikudziwa kuti mukulakalaka kuonanso yunifolomu itayanikidwa pachingwe kuseri kwa nyumba. Inenso ndikulakalaka. Ndayesa kumuuza ndekha, koma akandiyang'ana ndi maso a Bambo aja, ndimangoyamba nkhani zina. Akwiya, ndikudziwa. Ndikhala naye kuno mpaka mtima utatsika, ndipo tidzaganiza limodzi kolowera kwina.

Mundiperekere moni kwa azakhali, alamu ndi ana onse. Amalume okha musawauze msanga za foni ija, angakwere basi kudzathokoza bwanayo.

Tsalani bwino, ndipo muzidya ngakhale pang'ono.

Ine,
mwana wanu woyamba