Ndodo ya goloboyi wathu

Loweruka, mwezi wa Julayi. Tsiku lowawa, lozizira.

Lero taika m'manda a Yohane, goloboyi wa katimu kathu ka hoke, mpira womenya ndi ndodo, ku Mponela. Timuyo inatha kalekale, pabwalo analimapo fodya. Ndodo zosewerera tinkasema tokha m'phiri, ndipo ya a Yohane sinathyokepo.

Pochokera kumanda ndinapempha akazi awo ndodoyo kuti ndiziwakumbukira.

"Alamu, ndodo ija inasanduka mpini wa khasu," anatero. "Ndi khasu lomwelo adzukulu akumbira manda lero."

Ine ndinaliona khasulo likukumba, koma sindinalizindikire.

Mwa osewera onse ndatsala ndekha. Ndodo yanga ikadali kuseri kwa chitseko. Ndimati ndiuze ana asadzaisandutse mpini wa khasu, koma mwina nayonso ikungodikira tsiku langa.