Amuna Anga Sadya Nyama

Nkaya, 9 Okutobala 1946

Okondedwa Malume,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalata, inu muli pa ntchito yolemetsa ku mgodi wa Wankie. Kodi muli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Kuno tadzuka bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Chibwerereni ku nkhondo ya ku Bama, amuna anga a Yoram sadya nyama. Pa ukwati wa Sabina, fungo la mbuzi yootcha litangowafika, anathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kukasanza. Anthu anayamba kunong'ona kuti wokana mbuzi ndiye kuti analawa nyama ina. Mwana wa a Bakari atamwalira, amuna anzawo popita kukalonda manda anauza a Yoram kuti atsale. Tsopano amayi akuti mkamwini wotere achoke pamudzi.

Ine ndinkaopa kufunsa. A Yoram anandiuza okha tikusosa kumunda.

Akuti m'nkhalango anapeza msilikali wa Chijapani, woonda ngati bango, atakhala pambali pa mtembo wa mnzake. Ntchafu ya mtembowo inali yodulidwa, ndipo pamoto panali kachitini. Munthuyo sanathawe. Anawerama mpaka chipumi kugunda pansi, naloza mfuti ya a Yoram, kenaka pachifuwa pake. M'thumba mwake munali chala cha mnzakeyo, chokulungidwa m'kansalu koyera. Womasulira wa gulu la a Yoram anati n'chokapereka kwa mayi wa malemuyo, kuti akaike maliro kwawo.

A Yoram sanaombe. Anam'patsa mpunga wawo, ndipo iwo ndi msilikali mnzawo, a Sadiki a ku Liwonde, anakumba manda a mtembowo. Akuti Mjapaniyo anadya mpungawo akulira, njere imodziimodzi.

Malume, ndinangoima ndi khasu m'manja. Kwathu kuno wodya munthu timati mfiti. Nanga mfiti imakumbukira mayi wa mnzake? Sindinkadziwa kuti njala imafika pamenepo, kapena kuti ndimakhala nyumba imodzi ndi munthu wa mtima wotere.

A Sadiki avomera kudzachitira umboni, koma amayi akuti iyayi, samva za mlendo, mwini mbumba ndinu. Chibadwire sindinakanepo mawu a amayi. Koma a Yoram akachotsedwa, ndidzamanga mtolo wanga n'kuwatsatira, ngakhale ndili ndi pakati.

Mulungu akusungeni mumgodimo. Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba ndi ana.

Ankhoswe akumana mwezi ukaoneka. Chonde yankhani msanga, mawu anu afike asanakhale pansi.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Elube