Bambo anga asankha tebulo logonapo akadzamwalira

Aphungu,

Ndine Msilamu wa zaka 34, ndipo ntchito yanga sindiitchula pagulu. Ndimasamalira chipinda chimene ophunzira udokotala amaphunziriramo pa mitembo. M'chipindamo muli matebulo achitsulo asanu ndi atatu. Ine ndi amene ndimavundukula mitemboyo m'mawa, kuiwaza mankhwala kuti isaume, ndi kuifunditsanso ophunzira akaweruka. Ilibe mayina, ili ndi manambala pachala chakuphazi. Ndagwira zaka zisanu ndi chimodzi osaopa kanthu. Mantha andipeza tsopano, ndipo abwera ndi bambo anga ondibereka.

Bambowo ndi atelala. Mwezi watha anabwera kuntchito masana kudzandipatsa makiyi amene ndinaiwala kunyumba. Ndinawauza kuti adikire pakhomo, koma potembenuka ndinangoona alowa kale. Anapereka salamu motsitsa mawu kwa ogonawo, tebulo ndi tebulo, ngati afika pamudzi pa eni. Atafika pa tebulo lachisanu ndi chiwiri, lomwe panalibe munthu, anatulutsa tepi m'thumba nkuyeza utali wake.

"Ndikwana, mpaka malo kutsala," anatero. "Komanso pali pafupi ndi zenera."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Patatha masiku atatu anandiikira fomu pa makina awo osokera. Akufuna kupereka thupi lawo lonse kusukulu ya udokotalayo akadzamwalira, ndipo pakufunika kuti mwana wawo asaine ngati mboni. Nditawafunsa chifukwa, anati, "Ine kusoka ndinaphunzirira pa jekete la eni ake limene ndinaliphwasula. Anawo aphunzirire pa ine." Sanda, nsalu yodzawakulungira akadzamwalira, imene anadzisokera kalekale anaipereka pamaliro a mnzawo.

Loweruka masana ndinawapeza pabedi atagona chagada, manja atawongola m'mbali, nsalu yoyera itaphimba mpaka kumutu. Nditakuwa, mawu anatulukira pansi pa nsalupo: "Usachite phokoso iwe, ndikuyeserera."

Chiyambire tsikulo, ndikamakolopa pafupi ndi tebulo lija ndimamva fungo la mafuta amene bambo amadzola popita ku mzikiti Lachisanu. M'chipinda muja fungo la mankhwala limagonjetsa chilichonse, Aphungu, ngakhale fodya. Mnzanga wapantchito akuti sakumva kanthu. Ndafika pomafunditsa tebulo lopanda munthu.

Achemwali anga akuti ndikasaina ndisadzapondenso pakhomo pawo. Akuti Msilamu amasambitsidwa, kukulungidwa ndi kuikidwa msanga, osati kukhala chaka akuchekedwa. Bambo nawo akuti ndikakana ndawalanda chabwino chawo chomaliza. Kodi chipembedzo chathu chimalola zimenezi? Ndipo ndikasaina, ndidzawavundukula bwanji m'mawa uliwonse ndi manja angawa?

H.S.

Okondedwa H.S.,

Choyamba, pindani nsalu ili pa tebulo lopanda munthulo. Bambo anu ali moyo, ndipo fungo mukulimvalo likuchokera mumtima mwanu. Simukupenga. Mwayamba kulira maliro a munthu amene akudyabe nanu limodzi.

Ine sindine shehe, koma zimene akatswiri a Chisilamu amanena ndikuuzani mosabisa. Iwo sagwirizana onse. Ambiri amalola kupereka chiwalo, monga impso kapena kachikopa koonekera ka diso, ngati chikapulumutse kapena kuchiritsa munthu, mwini wake atavomera, popanda kugulitsa, ndipo thupi lotsalalo nkusambitsidwa, kupemphereredwa ndi kuikidwa mosachedwa. Ena amakana ngakhale zimenezo, ati thupi tinangosungitsidwa ndi Mulungu. Kupereka thupi lonse kuti likhale miyezi likuphunziridwa ndiye kolemera kwambiri, ndipo ambiri mwa olola ziwalo aja amakayika kapena kukana, chifukwa kumachedwetsa maliro. Choncho achemwali anu sakunama, koma nawonso bambo sakulakalaka choipa.

Musasaine sabata ino. Pitani nonse atatu kwa shehe wozama pa malamulo a chipembedzo, osati aliyense wokhala kutsogolo mu mzikiti. Tengani fomuyo kuti aiwerenge yekha. Musanapite, funsani akuluakulu a kuntchito kwanu kuti thupi amalisunga nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati amalibweza kwa abale kuti akaliike. Mwina bambo angakhutire ndi kupereka ziwalo zokha, ngati msinkhu ndi thanzi lawo zikulola. Cholinga chawo ndi kuthandiza, ndipo njira yake si imodzi.

Pali china chimene kalata yanu sinafunse, koma ine ndifunsa. Nchifukwa chiyani zonsezi zabwera mwezi umodzi? Munthu wathanzi sakonzekera ulendo mothamanga chonchi. Khalani nawo pansi awiriwiri, muwayang'ane kumaso, muwafunse ngati pali zimene adokotala anawauza koma inu akukubisirani. Akazemba funsolo, aperekezeni kuchipatala.

Muwauzenso zanu. Iwo akuganiza za ophunzira, aiwala kuti wovundukula ndi mwana wawo. Nenani momveka kuti, "Bambo, ntchito imeneyo ine sindingaithe." Kunena choncho si kusamvera makolo. Ndipo ngati pambuyo pa zonse aumirirabe, pemphani kuti thupi lidzapite ku sukulu ina, kapena inu akusinthireni ntchito.

Chenjezo langa ndi ili: musasaine kuti angosangalala, mumtima mukuti tsikulo likadzafika mudzang'amba fomu nkuwaika mwakachetechete. Ambiri amachita zimenezo. Wamoyo mukamunamiza mumatha kupita kukapepesa mawa lake. Kwa womwalira kulibe khomo logogoda. Ngati yankho lanu ndi ayi, auzeni lero, akadali ndi makutu omvera ndi pakamwa pokukalipirani.

Aphungu