Nkhafi ya Malemu Amoyo

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira mawondo aja akukupatsaniko mpata masiku ano. Ife kuno tilipo, mpongozi wanu ndi mdzukulu wanu Kadzungu, dzina lija munamupatsa chifukwa cha masaya linakakamira ndithu. Ndikanaimba foni koma makutu anu ndikuwadziwa. Achemwali, inu amene mukuwawerengera kalatayi, musalumphe mzere olo umodzi, ndipo kuseka museke mukamaliza.

Mudzi wathu simungauzindikire. Pa doko paja munkawolotsa anthu pa bwato mlatho usanabwere, pano pali malo odyera a alendo a holide, matebulo mpaka m'mphepete mwa madzi. Ine ndili mu shopu ya zosemasema pambali pake. Ntchito ndi yabwino, denga ndinakhoma malata, mwana sapita kusukulu wopanda nsapato.

Koma nkhani ili apa. Alendowa chinthu chatsopano sachifuna. Nkhafi yosalala bwino amangoiyang'ana n'kudutsa. Ndiye ndimasema nkhafi, kuzikwirira m'matope a mumtsinje, kuzipachika pa utsi kuseri kwa khitchini, kenako kuziboola ndi msomali wamoto kuti zioneke zofumbwa. Alendo akamadikira chakudya ndimazungulira matebulo, nkhafi paphewa, n'kumati, "Iyi inali ya bambo anga, wowolotsa wotsiriza pa mtsinje uno." Tsiku lina mayi wina anafunsa ngati muli moyo. Ndinangoweramitsa mutu, iye n'kugula pompo. Kuyambira pamenepo ndimati malemu.

Ababa, ndakhala ndikukuphani kuti katundu ayende.

Akhuku, ophika pa malo odyerawo, aja munkawawolotsa ulere ali mnyamata, amandinyoza. Amati, "Iwe, maliro a mdala wako unatibisiranji? Nanga nkhafi zonsezi, anali ndi manja angati?" Ndinkaseka nawo.

Chimene sindinaganize n'choti Kadzungu akaweruka amadzakhala pansi pa kauntala kudikira amake. Amamva zonse. Inu munachoka iye ali kubere, nkhope yanu saidziwa.

Tsopano kumapeto kwa mwezi uno akutsegulira nyumba yosungira zinthu zakale, m'chipinda chija munkasungiramo zingwe. Aphunzitsi a Kadzungu, achilendo kuno, anauza ana kuti aliyense abweretse chinthu cha makolo. Kadzungu anatenga nkhafi imodzi mu shopu osandiuza. Anafotokoza nkhani yonse monga ndimaifotokozera ine, mpaka kuweramitsa mutu pamalo pake penipeni. Aphunzitsi anabwera okha kudzandigwira chanza. Akuti mwana wanga ndiye adzalankhule pa tsikulo, ndipo akamaliza anthu onse adzaimirire chete kukumbukira malemu. Ndinangoti zikomo, Ababa.

Mudzi wonse udzakhalapo, ndipo akuluakulu onse akudziwa kuti muli kwa achemwali mukumwa tiyi. Adzaseka. Ine andiseke, ndi zanga. Koma woimirira kutsogolo ndi diresi losita adzakhala mwana.

Mpongozi wanu anati, "Bambo ake Kadzungu, munawapha nokha, muwadzutsenso nokha." Ndiye dzulo ndinamukhazika mwana pa mpando n'kumuuza kuti agogo ali moyo, nkhafi ija ndinasema ine. Anandiyang'ana, n'kundigwira dzanja.

"Ababa, musanditonthoze, ndine wamkulu. Inenso ndimawasowa."

Kenako anafunsa kuti manda anu ali kuti, akufuna akasesepo.

Bodza ndinalinena bwino kwambiri moti zoona zikumveka ngati bodza. Mawu anga kwa mwanayu atha mphamvu. Chatsala n'choti akuoneni ndi maso.

Choncho ndikupempha mubwere tsikulo lisanafike. Za ulendo musade nkhawa. Ndalankhula ndi dalaivala wa lole imene imabweretsa zakumwa kuno, amadutsa kwanuko Lolemba, akuti mukhala kutsogolo, miyendo muwongola. Bedi lathu tikusiyirani. Mankhwala a mawondo musaiwale. Ngati nkhafi yanu yeniyeni ilipo, achemwali sanaisandutse nkhuni, mubwere nayo. Kwa aphunzitsi ndipita ndekha mawa, zimenezo sindikusenzetsani. Nkhafi zotsala ndazichotsa m'matope, ndizigulitsa monga zilili, zikakana zikane.

Mukafuna kunditukwana mudzanditukwanire konkuno, pamaso pa akhuku ndi aliyense, ndidzakhala pansi n'kumva. Koma poyamba mudzalole mwana akugwireni dzanja.

Moni kwa achemwali, alamu ndi ana onse. Mpongozi wanu akuti moni wambiri. Kadzungu sanapereke moni. Ndinamuuza kuti ndikulembera agogo, iye anangothyola maluwa pa mpanda n'kuti ndikawaikire agogowo pamanda. Ndaika limodzi mu envulopumu.

Ndine mwana wanu wopusa uja,
Bambo ake Kadzungu