Fanuwelo Ndimamuonera pa Kanema

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno ku Domasi tilipo. Mpunga takolola, ngakhale mbalame zinatisautsa chaka chino moti ndinakhalira kukuwa kumunda mpaka mawu kusasa. Mdzukulu wanu Tamala ali ndi mwana wamwamuna, ndipo makutu ndi anu enieni. Mbuzi yanu ya diso limodzi ija ikadali ndi moyo, kuba sinasiyenso. Dzana yadya mpiru wa eni ake, ine n'kukapepesa ngati ndadya ndine. Amalume maso sakuonanso bwino, koma pakamwa pokha palibe chasintha.

Chimene ndagwirira cholembera ndi nkhani ya mlongo wanga Fanuwelo, mwana wanu wankhonya uja. Masiku ano amamuonetsa pa kanema Lamulungu lililonse masana. Osati akumenya nkhonya ayi. Anthu a makamera amangokhala m'nyumba mwake ku Blantyre, kujambula mmene akudyera, mmene akukanganirana ndi mlamu wanga, ngakhale mmene akusakira sokosi pansi pa bedi. Mukanaona inu mukanafunsa muja munkafunsira, kuti, "Kodi manyazi anawaiwala pa depoti?"

Tikaweruka kutchalitchi timakaunjikana kwa aphunzitsi oyandikana nafe aja, amene ali ndi kanema wa sola. Ine ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Zaka zitatu zatha Fanuwelo osandiyankhula, ndiye nkhope yake ndimaionera pamenepo, limodzi ndi mudzi wonse. Ndi pomwepo ndinadziwira kuti ali ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Akuyenda tsopano. Akamakana phala amapendeketsa mutu ngati inu. Anthu anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi, chifukwa azakhali sayenera kudziwa mwana wa mlongo wawo mwa njira imeneyo.

Sabata ija simunaiiwale, ndikudziwa. Inu munali gone, madzi okha akukanika kutsika, iye ali kunja kwa dziko kukonzekera nkhonya yolimbirana lamba. Nditatenga foni kuti ndimuimbire, munandigwira pamkono ndi mphamvu zomwe sindikudziwa kuti munazitenga kuti. Munati, "Usamuuze. Mtima ukakhala kuno, nkhonya sakaiona ikubwera. Akandiphera mwana." Kenaka munawonjezera china, chimene chikundilemera mpaka lero. Munati, "Akadzafunsa, usadzanene kuti ndinakuletsa ndine. Akwiyire iwe. Iwe uli moyo, mudzagwirizana. Akakwiyira ine, adzapepesana ndi ndani?" Ndinavomera. Munthu amene akutsanzika sumutsutsa.

Munatisiya Lachinayi, tinakuikani Lachisanu, iye anamenya Loweruka n'kupambana. Ndinamuimbira Lamulungu m'mawa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anadula foni. Kumudzi kuno sanapondeko kuyambira tsiku limenelo.

Mwezi wathawu, Amayi, anazinena pa kanema. Anakhala pa sofa, kuyang'ana kamera ngati akuyang'ana ine, n'kunena kuti, "Achemwali anga anandibisira maliro a mayi anga. Anthu ankandiombera m'manja mayi anga atagona kale m'dothi. Chimenecho sindidzaiwala." Analira, munthu wamkulu uja, misozi mpaka pachibwano. M'nyumba mwa aphunzitsi palibe anacheuka kundiyang'ana, ndipo kusacheukako ndi kumene kunandipweteka. Akazi a aphunzitsi anatsitsa mawu a kanema, ine ndinatola nsapato zanga pakhomo n'kubwerera kunyumba.

Tsopano ndikafika pamjigo nkhani zimatha. Ena akuti ndinachita nsanje chifukwa inu munkakonda iye. Mayi wina wa ku Malosa, woti sindimudziwa n'komwe, anandiloza m'minibasi n'kuuza mnzake kuti, "Achemwali ake aja ndi awa." Amalume amadziwa kuti pali chimene ndikubisa, koma nawonso sindinawauze.

Ndinene zoona, ndinakukwiyirani. Munandisenzetsa katundu inu n'kupita kokapuma. Tsiku limene anazinena pa kanema lija ndinalowa m'chipinda mwanu, ndinakhala pamphasa yanu n'kukukalipirani mokweza ngati wamisala. Kenaka ndinachita manyazi, ndinasesa m'chipindamo. Munali ndi mantha a mayi, ndipo mwina mwana wanu ali moyo lero chifukwa cha mantha amenewo. Koma munkayesa kuti mkwiyo wake udzatha pa mwezi umodzi. Mwana wanu simunamuwerenge bwino. Liuma lake ndi lanu lomwe.

Chilipo chimodzi chimene chimandigwira mtima. Chaka chilichonse ndikakolola ndimamutumizira thumba la mpunga pa minibasi, lopanda kalata, losoka kukamwa ndi ulusi wofiira monga munkachitira inu. Yankho silinabwerepo, ndiye ndinkaganiza kuti amangopatsa alonda. Lamulungu lapitali akuonetsa kukhitchini kwawo, ndinaona thumba langa pakona, litafika pakati, ulusi wofiira uli lende. Mlamu anaphika, Fanuwelo anadya n'kuwonjezera. Ulusi umenewo amaudziwa, paja ndi iye ankakugwirirani kukamwa kwa thumba inu mukusoka. Ndiye kuti amadya akudziwa kuti walima ndani.

Tsopano imvani izi. Fanuwelo waimbira amalume kuti akubwera Loweruka likudzali kudzakumangirani chiliza, ndipo a makamera akubwera nawo. Amalume amuuza kuti makamerawo akathere pamsewu, kumanda sikojambulirako masewero, ndipo wavomera. Koma pamene munagona sapadziwa. Mtanda wathabwa uja unadyedwa ndi chiswe, mitumbira yachuluka kuyambira pamene munapita, ndipo amalume sangathenso kusiyanitsa. Amene ndimapadziwa bwinobwino ndine, chifukwa pa tsiku lolambula kumanda ndimayambira pa inu. Amalume amuuzanso zimenezo. Akuti anangoti, "Chabwino."

Choncho Loweruka tidzaima awiri, wina uku wina uku, inu pakati. Ndikuopa, Amayi. Ndikakhala chete, akhoza kumanga chilizacho n'kukwera galimoto, ine n'kukalamba ndikuonera mwana wake pa kanema wa eni. Ndikayankhula, ndaphwanya mawu amene ndinakulonjezani mutandigwira pamkono, ndipo iye adzadziwa kuti amene anamumana kutsanzikana nanu ndinu.

Ndaganiza chonchi, ndipo ndikukuuziranitu kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu. Ndidzatsogola ine, ndidzamulozera. Akadzangokhala chete, nanenso ndidzatseka pakamwa monga ndachitira zaka zonsezi. Koma akadzandifunsa kuti, "Achemwali, munachitiranji zimenezi?" sindidzanama pamutu panu. Kwina kulikonse ndasenza bodza lanu, koma pamenepo pokha ayi. Mundikhululukiretu lero.

Munafunsa kuti akakwiyira inu adzapepesana ndi ndani. Ndidzakhalapo ine. Akadzakukalipirani sindidzamuletsa, paja inenso ndinatero. Ndikulonjeza kuti sindidzachoka pamandapo mpaka atamaliza kulira, ndipo tikadzatuluka ndidzamupempha kuti andipatse mwana uja ndimunyamule, ndimuitane dzina lanu.

Ndimakukondani, ngakhale munandisiyira zolemera.

Ndine mwana wanu woyamba,
Edina