Magazi a Dalitso

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno tilipo, koma ndisakunamizeni kuti ndikulemba mtima uli m'malo. Munkati ndikakwiya ndiziyamba ndasesa pabwalo ndisanatsegule pakamwa. Ndasesa, Amayi, mpaka ndalowerera pakhomo pa aneba, koma mkwiyo sunachoke. Ndiye ndiyambe ndi nkhani za pakhomo monga munkakondera, zinazo zibwera.

Abambo akadali ku Kanengo, madzulo amabwera akununkha fodya mpaka m'tsitsi. Chaka chino tinapeza kuponi ya feteleza ndipo kamunda kanu ka m'mbali mwa mtsinje kanabereka ndithu, kungoti akuba anatithandiza kukolola mizere ya m'mphepete. Denga la kuchipinda kwanu likudonthabe. Mvula ikamagwa abambo amati akonza ikasiya, ikasiya amati palibe chikudontha. Benchi lanu la tomato ku msika wa Chilinde anatenga mayi wina wa ku Thyolo amene amaika wowola pansi, wabwino pamwamba. Ndikadutsapo ndimakumbukira kuti inu zotere munkazitcha kuba kovala chitenje.

Mng'ono wanga Esinati anakwatiwa ndi mnyamata wowotcherera zitsulo ku Chinsapo, ndipo ali ndi mwana wamwamuna. Dzina lake ndi Dalitso. Anatenga makutu anu aja oimirira, ndiye musakane, ndi wanu. Wayamba kukhala yekha, ndipo akaseka mano awiri apansi amaonekera. Kalatayi ndi ya iyeyo, Amayi, koma kuti mundimve bwino ndiyambe ndakuuzani za sukulu.

Ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Mukukumbuka mmene ndinalirira atandisiya pa maphunziro a udokotala n'kundipatsa awa a bayomediko sayansi? Inu munangoti, "Ntchito ndi ntchito, bola usamanyansidwe." Munalosera bwino, chifukwa tsiku ndi tsiku timagwira magazi, mikodzo, makhololo ndi chimbudzi cha anthu. Ife sitilemba mankhwala. Ntchito yathu ndi ya mu labotale: kutenga kadontho, kukapaka pa kagalasi, kukaika pa maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso, n'kumuuza dokotala chimene chikumudya munthu. Koma kuno ku Kawale zimenezo samva. Ndikabwera pa holide ndine adokotala basi, ndipo pampopi amayi amandionetsa zidzolo za ana awo ndowa ili pamutu.

Temu yathayi tinaphunzira matenda a magazi. Tsiku lina aphunzitsi anayamba kufotokoza matenda otchedwa siko selo. Anati maselo ofiira a magazi amakhala obulungira, koma mwa ana ena amapindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo amatsakamira m'timitsempha. Mwana wotere amatupa manja ndi mapazi akadali wakhanda, maso amachita chikasu, mafupa amawawa mpaka kukuwa, magazi amatha kawirikawiri. Anzanga ankalemba. Ine cholembera chinaima, chifukwa amene ankafotokozedwa pa bolodipo anali alongo anga, Limbani ndi Mphatso. Ndinaona Limbani akugubuduzika pa mkeka atagwira mwendo. Ndinaona inu mukuthina timanja ta Mphatso ndi kansalu kofunda, mukuyimba pansipansi kuti asiye kulira.

Kenako anatiuza kuti aliyense adzibaye chala ayeze magazi ake. Tinasakaniza ndi mankhwala ochotsa mpweya, tinadikira, ndipo nditasuzumira ndinaona maselo anga akupindika. Ine sindidwala, Amayi, musade nkhawa, ndinangonyamula theka. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: mwana amadwala pokhapokha atatenga theka kwa mayi ndi theka kwa bambo. Theka lanu lokha silikanapha munthu. Limbani ndi Mphatso anatenga kwa inu, anatenganso kwa abambo.

Ndinatuluka mu labotale, ndipo chimene chinali mumtima mwanga sichinali chisoni. Ndinakwiyira kachipatala kaja komwe ankangomugwira mwana pamphumi n'kunena kuti malungo, Fansida, wotsatira. Palibe ngakhale mmodzi anaganiza zoyang'ana kadontho ka magazi. Koma koposa onse ndinakwiyira azakhali aNaphiri, alongo awo a abambo a ku Biwi aja. Ndi iwo anaima pa maliro a Mphatso n'kunena anthu onse akumva kuti m'nyumba muno muli wodya ana. Kuchokera tsiku limenelo amayi ankakokera ana awo kumbali inu mukamadutsa. Kumpingo benchi lomwe mwakhala linkatsala ndi malo. Munkati, "Wondidziwa ali kumwamba, awa angondiona." Achipatala anati munapita ndi BP, koma ine ndimati munapita ndi pakamwa pa anthu.

Ndinkati ndikabwera ndidzawakhazika pansi abambo ndiwafotokozere modekha. Koma nditangofika ndinamva kuti Dalitso sakupeza bwino, ndipo ndinakwera minibasi ya ku Chinsapo chikwama ndisanamasule. Amayi, ndinapeza timanja take titatupa ngati mandasi, maso achikasu, akulira mawu atatha. Nditamuvula kamalaya ndinaona mphini zatsopano pachifuwa, pamsana ndi m'mapazi, zopakidwa zakuda. Mwana amene magazi ake ndi operewera kale, munthu wamkulu anatenga lezala n'kumatulutsa otsalawo!

Azakhali anali pomwepo, atakhala pa mpando wokhawo wa m'nyumbamo ngati eni ake. Ndi iwo anamutengera kwa sing'anga wina ku Mtandire. Ndipo sing'angayo anawauza zimene iwo anapita nazo kale m'kamwa: akuti mwanayu mukumuitana ndinu. Akuti Loweruka likubwerali apite ku manda anu akakwirire mankhwala ndi kukhoma msomali kumutu kuti mzimu wanu ugone.

Ndinayesa ulemu, Mulungu ndi mboni. Ndinagwada, ndinati, "Azakhali, matendawa ali ndi dzina, ndi a m'magazi, tiyeni timutengere mwanayu ku chipatala chachikulu akamuyeze."

Iwo anati, "Iwe Tiyamike, sukulu yakoyo izithera pa geti. Watiyesa ana? Anadya awiri ali moyo, lero akufuna wachitatu ali m'manda. Ndiye iwe ukuti chiyani, mayeso?"

Apo ndiye ndinaimirira. Ndinati, "Panado mukamufuna ndimakhala adokotala, lero ndanena za magazi ndasanduka mwana? Matenda amenewa satuluka kwa mayi yekha. Theka linachokera kwa achimwene anu, m'nyumba momwe inu munabadwira. Mwina muli nalo inu nomwe. Bweretsani chala ndikubayeni tikaone."

Mukanaona, Amayi, mmene anabisira dzanja m'chitenje! Anakuwa kuti ndawatukwana, kuti ndatengera mtima wa amayi anga, kuti nanga anthu osewera ndi magazi a anzawo amadziwika bwino kuti ndi ndani. Aneba anadzaza pawindo. Esinati anangokhala pansi mwana ali pamiyendo, misozi ikugwera pamutu pa mwanayo. Anati, "Asisi, ine ndimvere ndani? Inu mukuti chipatala, awa akuti manda. Limbani ankapita ku chipatala komweko, anachira?" Funso limenelo linandibaya, chifukwa silinali lopusa. Ndinamuuza kuti Limbani sanayezedwe n'komwe, ankamupatsa mankhwala a matenda ena.

Madzulo ake ndinawafotokozera abambo zonse, pang'onopang'ono, mpaka ndinawajambulira maselo pa dothi ndi kamtengo. Anayang'ana pansipo nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti anena dzina lanu, ngakhale kamodzi kokha. Iwo anafafaniza chojambulacho ndi phazi n'kunena kuti, "Tiya, azakhali ako ndi akulu." Ndi mawu omwewo amene anakuuzani inu tsiku la maliro a Mphatso. Ndimawakonda abambo, Amayi, koma kufatsa kwawo kwatidyera zambiri kuposa ukali wa azakhali. Munthu amene anagona nanu chipinda chimodzi zaka zonse zija ankadziwa kuti simuli mfiti, koma anasankha mtendere ndi mlongo wake.

M'mawa mwake ndikuchapa ndinangoona Esinati ali pa geti, mwana kumbuyo, nsapato zosiyana. Sanapereke moni. Anangotembenuka kuti ndimuone Dalitso. Milomo ndi zikhatho zinali zitayera, akupuma mwachangu ngati kamwana ka nkhuku. Ndinasiya zovala m'beseni tinathamangira pa siteji. Kondakitala anafuna kudikira kuti minibasi idzaze, ndipo zimene ndinamuuza sindingazilembe kwa inu, koma galimoto inanyamuka.

Ku chipatala anamuika magazi tsiku lomwelo. Namwino ataona mphini zija anafunsa kuti wachita izi ndani, Esinati anayang'ana kukhoma. Ine ndinapempha kuti amuyeze siko selo, ndipo dokotala anandiyang'ana kawiri asanavomere. Zotsatira zinabwera. Ndi matenda omwe aja. Esinati ananyamula theka ngati ine, mwamuna wakenso ananyamula, ndipo awiriwa sankadziwa kanthu. Ndinkaganiza kuti ndikapezeka wolondola mtima udzatsika, koma ndinakalirira kuseri kwa wodi. Pa mayeso onse amene ndalemba, awa okha ndi amene ndinkafuna nditalakwa.

Matendawa sachizika, Amayi, ndisakubisireni. Koma mwana wodziwika matenda ake amasamalika. Azimwa timapiritsi towonjezera magazi ndi toteteza ku matenda ena, azigona m'neti, asamazizidwe, azimwa madzi ambiri, ndipo thupi likangotentha azithamangira naye ku chipatala osadikira. Zonsezi inu mukanazichita mosavuta, mukanangouzidwa. Munagulitsa mpaka wailesi ndi nsalu zanu za ku Tanzania kufunafuna thandizo, pomwe chofunika chinali munthu mmodzi wosuzumira pa kagalasi. Dzulo Dalitso wayamwa bwino, ndipo anandikoka ndolo mpaka khutu linafiira.

Mwina mukuganiza kuti azakhali achita manyazi. Ayi ndithu. Anabwera ku wodi ndi botolo la thobwa, anamva zonse kuchokera kwa dokotala mwini, ndipo potuluka anauza amayi a pa bedi loyandikana kuti, "Mwaona? Magazi anachita kumuika ena. Nanga akewo anapita kuti? Alipo akuwayamwa." Ulendo wa Loweruka sanausinthe. Msomali agula kale, nkhuku yakuda ilipo, ndipo abambo avomera kuwaperekeza kuti akawalozere manda. Mwamuna wanu, Amayi, akukalozera mlongo wake pamene pali mutu wanu.

Ndiye mverani zimene ndichite. Sindipempha chilolezo kwa munthu. Loweruka kukangocha ndidzabwera kwa inu, ndidzazula udzu umene wamera, kenako ndidzakhala pansi kumutu kwanu n'kuwadikira. Esinati wati mwana akatuluka m'chipatala abwera nane, ndipo akalephera ndibwera ndekha. Anene kuti ndine wamwano, anene kuti sukulu yandipengetsa, aitane Biwi yense adzaonere. Pa maliro a Mphatso ndinali kamtsikana kogwira chitenje chanu, sindinkadziwa dzina la chimene chinatilowera m'nyumba. Lero ndikulidziwa, ndipo ndidzalitchula mokweza pamaso pa abambo mpaka adzandiyang'ane.

Sukulu ndimaliza, musakayike, ndipo lezala silidzamukhudzanso Dalitso ine ndili moyo. Muwapatse moni Limbani ndi Mphatso, muwauze kuti matenda awo tawapeza, ngakhale mochedwa. Inu gonani, simunadye mwana wa munthu. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikukulonjezani kuti msomali umenewo, ngati aukhome, adzayamba aubowoletsa pa mwendo wanga.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike